Momwe mungayendetsere komiti ya mainjiniya yokonza misonkhano ya kafukufuku ku Zomba

Msonkhano wa kafukufuku wa masiku awiri umafuna miyezi pafupifupi 9 yokonzekera, ndipo ntchito yambiri ya miyezi imeneyo ndi yosasangalatsa: kulemba makalata, kukumbutsa anthu, kuwerenga mapepala, kusunga malisiti. Komiti imene yachita zimenezi pa nthawi yake imafika tsiku la msonkhano itapuma. Imene yazengereza imayamba kuthamangira zikwangwani ndi matisheti kutatsala milungu itatu, mapepala a kafukufuku osawerengedwa n'komwe. Malangizo ali m'munsiwa ndi a inu amene mwapatsidwa udindo wotere kuno ku Zomba, kaya ndinu wapampando kaya membala wamba.

Yambani ndi kalata yokutumani

Musanakhale pansi kukambirana za holo, dziwani amene wakutumani. Ntchito ya uinjiniya m'dziko muno imayang'aniridwa ndi bungwe la Malawi Engineering Institution, MEI, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019. Ngati komiti yanu ikugwira ntchito m'dzina la bungweli, kapena la yunivesite, kapena la kampani, pemphani kalata yofotokoza zinthu zitatu: zimene mwatumidwa kuchita, amene muzipereka lipoti kwa iye, ndi akaunti imene ndalama zizidutsira. Ndalama za msonkhano zisalowe mu akaunti ya munthu, ngakhale munthuyo akhale mkulu wa mpingo. Nambala ya Airtel Money kapena Mpamba yolandirira malipiro ikhalenso yolembetsedwa m'dzina la bungwe.

Nthawi yomweyo funsani ku MEI zimene zikufunika kuti msonkhano wanu uwerengedwe pa mapointi a CPD, amene injiniya amapeza akamaonjezera maphunziro pa ntchito yake. Injiniya amene akupempha abwana ake kuti amulipirire ulendo wa ku Zomba amakhala ndi poyambira ngati kalata yomuitana ikutchula zimenezi.

Sankhani anthu ochepa, aliyense ndi ntchito yake

Anthu 7 kapena 9 ndi okwanira. Pakhale wapampando, mlembi, msungichuma, woyang'anira mapepala a kafukufuku, woyang'anira malo ndi zipangizo, ndi wofalitsa uthenga. Otsalawo athandize kumene kwachuluka ntchito. Woyang'anira mapepala asakhale yemweyo amene akuyenda m'makampani kupempha thandizo la ndalama. Chifukwa chake ndifotokoza tikafika pa zowunika.

Musadzaze komiti ndi mabwana okhaokha. Bwana amabweretsa dzina, koma tsiku lokayesa pulojekita amakhala ali ku Lilongwe. Muikemo injiniya wachinyamata amene wangomaliza kumene ku MUBAS kapena ku MUST, muikemo tekinishani amene amadziwa mapaipi ndi mawaya ndi manja ake, ndipo amayi amene muwaikemo musawapatse ntchito ya zakudya ndi maluwa yokha ayi. Mayi injiniya akhoza kutsogolera owunika mapepala, bambo n'kukayang'anira nkhomaliro.

Kumanani kamodzi pa mwezi poyamba, kenaka sabata iliyonse m'miyezi iwiri yomaliza. Gulu la pa WhatsApp ndi lokumbutsirana basi. Chigamulo chilichonse, makamaka cha ndalama, chilembedwe m'maminitsi, ndipo maminitsiwo akhale ndi mizere itatu pa nkhani iliyonse: chimene tagwirizana, amene achite, tsiku lomaliza. Mlembi awatumize pasanathe masiku awiri anthu asanaiwale zimene analonjeza.

Khomani tsiku, kenaka werengani chobwerera

Kusankha tsiku ku Zomba kumafuna kalendala zingapo patebulo. Nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, imavuta ngati mukufuna kukaonetsa anthu ntchito kumudzi kapena kuphiri. Juni ndi Julayi kumazizira, makamaka pamwamba pa phiri, ndipo chifunga chikatsika galimoto zimayenda pang'onopang'ono pa msewu wokhotakhota uja. Ogasiti ndi Seputembala ndi miyezi yabwino. Pewani sabata imene muli tchuthi cha boma, monga 6 Julayi kapena 15 Okutobala. Funsaninso kalendala ya University of Malawi: sabata ya mwambo wa omaliza maphunziro malo ogona amadzaza, ndipo nthawi ya mayeso aphunzitsi amene mumadalira kuti awunike mapepala sayankha foni.

Kumbukiraninso kuti chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo. Maofesi a boma ndi mabungwe ake amakonza bajeti miyezi ingapo tsikuli lisanafike, ndiye kalata yopempha thandizo kapena yoitana antchito awo ikafika mochedwa mudzamva yankho lakuti sizinalowe mu bajeti.

Tsiku likadziwika, lembani chobwerera. Tiyerekeze kuti msonkhano uli mu Seputembala. Uthenga woitanitsa mapepala utuluke mu Januwale. Zidule za mapepala zifike pofika kumapeto kwa Malichi. Mayankho apite mu Epulo. Mapepala athunthu afike mu Juni, owunika awabweze mu Julayi, olemba akonze ndi kutumizanso pofika pakati pa Ogasiti. Pa tsiku lililonse lomaliza bisani milungu iwiri yowonjezera imene komiti yokha ikuidziwa, chifukwa anthu ambiri amatumiza usiku wa tsiku lomaliza, ena mawa lake ndi kalata yopepesa.

Mutu wa msonkhano uchokere pano

Masukulu akuluakulu a uinjiniya ali ku Blantyre ndi ku Thyolo, choncho wina akhoza kufunsa chifukwa chochitira msonkhano ku Zomba. Yankho lili m'zimene mzindawu uli nazo. Likulu la Southern Region Water Board lili konkuno, ndipo madzi a mumzinda amatsika kuchokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri. Geological Survey Department ili kuno, National Statistical Office ili kuno, bungwe lofufuza za nkhalango la FRIM lili kuno, ndipo ku Chirunga, kumene kuli University of Malawi, kuli akatswiri a miyala, a makemikolo, a fizikisi ndi a makompyuta. Ku Chingale ndi kumene madzi a m'mipope otsika okha kuchokera kuphiri anayambira m'dziko muno mu 1968. Nyanja ya Chilwa, imene imaphwa zaka zina, ili kum'mawa kwathuku, ndipo Kamuzu Barrage ku Liwonde ndi ulendo waufupi pa msewu wa M3.

Ndiye mutu wonga "Uinjiniya ndi chitukuko" musautenge. Pa mutu wotere aliyense amabweretsa chimene ali nacho kale m'kompyuta, ndipo pamapeto palibe chimene mungauze munthu kuti tinapeza. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Sankhani funso limodzi limene mainjiniya akulimbana nalo. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola misewu ndi milatho m'chigawo cha kummwera. Funso loti makalavati ndi milatho yathu tiziipima ndi mvula yochuluka bwanji likhoza kudzaza masiku awiri, ndipo a misewu, a madzi, a zanyengo ndi a miyala onse ali ndi chonena pamenepo. Pansi pa mutuwo ikani timitu titatu kapena tinayi, osapitirira.

Kuitanitsa ndi kuwunika mapepala

Apa ndi pamene msonkhano wa kafukufuku umasiyana ndi msonkhano wamba, ndipo ndi pamene makomiti ambiri amafooka.

Uthenga woitanitsa ukhale tsamba limodzi. Unene mutu, timitu, kutalika kwa chidule (mawu 250 kapena 300 ndi okwana), tsiku lomaliza, ndi adiresi imodzi ya imelo ya komiti. Utumizeni ku madipatimenti a uinjiniya a m'mayunivesite, ku makoleji a ntchito zamanja, ku ESCOM, EGENCO, Roads Authority, mabungwe a madzi, makhonsolo ndi makampani a zomangamanga. Nenani poyera kuti mukulandiranso malipoti a ntchito za kumunda. Injiniya wa ku khonsolo amene wakonza kalavati imodzimodzi katatu ndipo wapeza chifukwa chake imagumuka ali ndi pepala labwino, kungoti palibe amene anamuuzapo kuti ndi pepala. Mupatseni membala mmodzi womuthandiza kuliika m'dongosolo.

Chidule chikafika, mlembi achipatse nambala ndi kuchotsapo dzina la wolemba ndi la kumene amagwira ntchito. Dziko lathu ndi laling'ono ndipo mainjiniya amadziwana. Wina anaphunzitsa mnzake, wina ndi mlamu wa mnzake. Kuchotsa dzina sikubisa zonse, koma kumamupatsa wowunika pothawira. Pepala lililonse lipite kwa owunika awiri, ndipo asakhale a ofesi imodzi ndi wolemba. Akasemphana maganizo, wachitatu agamule.

Apatseni owunika fomu yaifupi, ya mafunso amene injiniya aliyense angayankhe. Kodi funso la kafukufukuyu likumveka? Manambala anachokera kuti, anayezedwa ndi chiyani, kangati? Kodi zimene wolemba akunena kumapeto zikuchokeradi m'manambalawo? Kodi munthu wina atatsata njira yomweyo angapeze zofanana? Ngati pepala likunena za kulimba kwa konkire koma silikutchula masiku amene makyubu a konkire oyesera anakhala asanaphwanyidwe, libwerere. Ngati likunena za kuchuluka kwa madzi mumtsinje wa Likangala koma muyeso unatengedwa mwezi umodzi wokha wa chilimwe, wolemba anene zimenezo poyera ndipo achepetse zimene akulonjeza. Kafukufuku amene anafunsa anthu mafunso m'midzi aonetse chilolezo cha komiti yoona za malamulo a kafukufuku, monga ya ku yunivesite kapena ya ku National Commission for Science and Technology. Onaninso ngati pepalalo silinakoperedwe kwina. Kungotenga ziganizo ziwiri zitatu n'kuzifufuza pa intaneti kumagwira ambiri.

Tsopano nachi chifukwa cholekanitsira mapepala ndi ndalama. Tsiku lina kampani imene yalonjeza kulipira holo idzatumiza pepala, ndipo pepalalo lidzakhala malonda a katundu wawo ongovekedwa mitu ya kafukufuku. Wopempha thandizo adzabwera ku komiti n'kunena kuti, "A wapampando, tikalikana limeneli holo tilipira ndi chiyani?" Yankho likhale lokonzeka kale m'maminitsi a mwezi woyamba: wothandiza ndi ndalama amapatsidwa tebulo loonetsera katundu, dzina lake pa chikwangwani, ndi mphindi 10 zolankhula zimene pulogalamu ikunena poyera kuti ndi za wothandiza. Pepala lake limadutsa mwa owunika monga la wina aliyense. Membala wa komiti amene watumiza pepala atulukenso m'chipinda pamene likukambidwa.

Pokana pepala, lembani zifukwa, ndipo zilembedwe mwaulemu. Wophunzira wa chaka chomaliza amene pepala lake silinafike pa muyeso mupatseni mwayi wa positala m'malo momubweza chimanjamanja. Ambiri amene adzatsogolere komiti yanu zaka zikubwerazi ayambira pa bolodi lomwelo.

Ndalama

Lembani bajeti m'magawo awiri: zimene mulipire ngakhale kubwere anthu ochepa (holo, zokuzira mawu, jenereta, kusindikiza) ndi zimene zimakwera ndi chiwerengero cha anthu (chakudya, madzi, mabaji). Mtengo wolembetsera uwerengedwe ngati kuti kubwera theka lokha la amene mukuwayembekezera. Onjezani gawo la zadzidzidzi, chifukwa mitengo imene mwapatsidwa mu Januwale sidzakhala yomweyo mu Seputembala. Pa kotesheni iliyonse funsani kuti mtengowo ukhala masiku angati. Tengani makotesheni atatu pa chinthu chilichonse chachikulu, ndipo gulani kwa amene ali ndi nambala ya msonkho ya TPIN ndi lisiti lovomerezeka ndi MRA. Ndalama zituluke ndi masiginecha awiri.

Ikani mitengo yosiyana: ya mamembala, ya omwe si mamembala, ya ophunzira, ndi yotsikirako kwa olipira msanga. Maofesi ambiri amatumiza anthu ndi lonjezo lakuti ndalama zibwera pambuyo. Gwirizanani msanga ngati mulandira LPO, chikalata cha ofesi cholonjeza kulipira pambuyo, ndipo ngati mulandira, msungichuma akhale ndi invoisi yokonzeka tsiku lomwelo. Thandizo limene kampani yalonjeza pakamwa musaliwerengere mpaka litalowa ku banki.

Nkhani ya alawansi muithetse m'kalata yoitana, isadzabuke pa tebulo lolembetsera. Tinazolowera misonkhano ya mapulojekiti kumene munthu amasaina n'kulandira envulopu, ndiye ena adzabwera ndi chiyembekezo chomwecho. Lembani momveka kuti komiti sipereka alawansi ndipo mayendedwe ndi malo ogona ndi udindo wa amene wamutuma munthuyo. Ngati pali ndalama yothandizira, ipite kwa ophunzira ndi kwa alendo amene mwawaitana nokha kudzalankhula. Maganizo anga ndi akuti holo ya anthu 60 amene abwera kudzamva imaposa ya anthu 200 amene theka likudikira pepala losainira.

Malo ndi magetsi

Pitani nokha kukaona holo, musadalire zithunzi. Mumzinda muli maholo a ku yunivesite ndi a m'maloji. Pamwamba pa phiri pali Sunbird Ku Chawe. Kuphiri anthu sathawa masana kupita kumsika kapena ku banki, koma muyenera kukonza basi yokweza amene agona m'tauni. M'tauni mayendedwe ndi osavuta, minibasi za ku Blantyre ndi Liwonde zimatsitsa pafupi, koma ikatha nkhomaliro mipando ina imakhala yopanda anthu.

Mukafika pa holopo, pemphani woyang'anira kuti azimitse magetsi a ESCOM inu muli pomwepo, pulojekita ndi maikolofoni zili zoyaka. Yang'anani wotchi kuti jenereta itenga nthawi yaitali bwanji kuti ilire. Khalani pa mpando wakumbuyo kwenikweni mumve ngati phokoso lake likuphimba wolankhula. Funsani kuti dizilo agula ndani, ndipo alipo wa maola angati. Laputopu ndi pulojekita zikhale pa UPS, kachipangizo kosunga magetsi m'batire, kuti magetsi akathima wolankhula asayambirenso. Werengani masoketi, yesani intaneti ndi mafoni a TNM ndi Airtel onse, onani zimbudzi ndi polowera njinga ya olumala. Ngati mukufuna kuti ena alowe kudzera pa Zoom, pakhale munthu mmodzi amene ntchito yake ndi imeneyo yokha.

Pulogalamu ndi tsiku lenileni

Mlendo wolemekezeka mulembereni kalata kutatsala miyezi iwiri, ndipo mudziwitse ofesi ya bwanamkubwa ndi khonsolo ya mzinda monga mwa mwambo. Koma konzani pulogalamu yoti ikhoza kuyamba iye asanafike: gawo loyamba la mapepala liyambe 8:30, mwambo wotsegulira uikidwe cha m'ma 10. Akachedwa, simunataye kanthu. Olankhula pa mwambowo asapitirire atatu.

Wolankhula aliyense apatsidwe mphindi 15, ndi mphindi 5 za mafunso. Mafayilo awo afike dzulo lake ndipo aikidwe pa laputopu imodzi. Kusinthana mafulashi pa siteji kumadya nthawi ndipo kumabweretsa mavairasi. Wosunga nthawi akhale kutsogolo ndi makadi atatu olembedwa 5, 2 ndi 0. Khadi lomaliza likakwera, wotsogolera gawo aimirire. Zimavuta ngati wolankhulayo ndi pulofesa amene anakuphunzitsani, choncho magawo oterowo apatseni munthu wamkulu mnzake amene angathe kunena kuti, "Bambo, nthawi yatithera, zotsalazo tikambirana pa tiyi," popanda wina kukhumudwa. Gawo lililonse likhale ndi wolemba zokambirana, ndipo alembe mafunso ndi mayankho, osati kukopera zimene zili kale m'pepala.

Wokishopu ndi nkhani ina

Pa msonkhano anthu amamvera; pa wokishopu amagwira. Anthu asapitirire 25 kapena 30, ndipo komiti ilembe chiganizo chimodzi chonena zimene munthu adzathe kuchita akamatuluka, monga kujambula mapaipi a mudzi umodzi mu EPANET n'kuona kumene mphamvu ya madzi ikuchepa, kapena kuika malo a zitsime pa mapu mu QGIS. Mapulogalamu awiriwa ndi aulere, choncho ophunzira akapitiriza kwawo. Atumizireni malangizo oikira pulogalamuyo kutatsala sabata imodzi, ndipo mukhale ndi makope pa fulashi, apo ayi m'mawa wonse uthera kudikira intaneti. Pa anthu 10 alionse pakhale wothandiza mmodzi woyendayenda m'matebulo. Gwiritsani ntchito manambala enieni a malo odziwika, mutapempha chilolezo kwa eni ake. Ngati muli amisiri ndi makomiti a madzi a kumudzi, mphunzitsi afotokoze m'Chichewa.

Ulendo wokaona ntchito, kaya ku damu la Mulunguzi kaya ku Liwonde, upemphereni chilolezo mwa kalata kutatsala mwezi. Lembani mayina a onse okwera basi, nenani za nsapato zotseka ndi zipewa zodzitetezera, ndipo injiniya wa pamalopo ndiye afotokoze.

Anthu akabalalika

Komiti isabalalike nawo. Sabata yoyamba lipirani ngongole zonse, tumizani masatifiketi ndi mndandanda wa opezekapo ku MEI, ndi makalata othokoza kwa othandiza ndi owunika. Pasanathe mwezi msungichuma apereke lipoti la ndalama ndi malisiti ake, ndipo munthu wa kunja kwa komiti aliunike.

Mapepala amene anavomerezedwa asonkhanitsidwe m'buku limodzi la PDF pasanathe miyezi itatu, liikidwe pa intaneti, ndipo makope apite ku malaibulale a mayunivesite ndi ku National Archives, yomwe ili konkuno ku Zomba. Kuchokera m'zolemba za magawo, tulutsani masamba awiri okha a mfundo zimene mainjiniya agwirizana, mfundo iliyonse ndi ofesi imene ikuyenera kuiona. Wapampando ndi membala mmodzi akapereke masambawo pamanja, ndipo mlembi alembe tsiku lodzafunsanso.

Pomaliza ikani zonse mufoda imodzi: maminitsi, bajeti yoyamba ndi ndalama zimene zinatulukadi, makotesheni, mayina a owunika amene anabweza mapepala pa nthawi yake, fomu yowunikira, ndi mawu achinsinsi a imelo ya komiti. Posankha komiti yotsatira, anthu awiri kapena atatu a komiti yakale atsalemo chaka china, ndipo mmodzi mwa iwo akhale mlembi kapena msungichuma.